Funsani tsiku limene munabatizidwa

Abale ndi alongo, tsiku lobadwa tonse timalidziwa, koma akatifunsa la ubatizo ambiri timangoti kakasi. Pitani ku tchalitchi kumene munabatizidwa mukafunse, aone m'kaundula wa ubatizo. Mukalipeza, lilembeni m'kati mwa chikuto cha Baibulo lanu.

Tsikulo likakwana chaka ndi chaka, yatsani kandulo, muwerenge Aroma 6:4, pamene Paulo akuti tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu kuti tiyende m'moyo watsopano. Kenako bwerezani mokweza malonjezo aja okana Satana ndi ntchito zake zonse. Ine ndimaonjezapo chimodzi, chimene chimandivuta kwambiri: ndimaimbira foni munthu amene ndakhala ndikumusungira mangawa, ngakhale mawu azichita kunjenjemera. Amene muli ndi ana, auzeninso masiku awo.