Lekani kusankha purosesa poyang'ana mtengo wokha

Chichokereni pa 14 October 2025, tsiku limene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, anthu ali pa kalikiliki kusintha makompyuta, ndipo cholakwa chimene ndikuona ndi chomwe chija ndakhala ndikudandaula nacho zaka zonsezi. Munthu akaona makompyuta awiri, amaloza yokwera mtengo n'kunena kuti imeneyo ndiye yamphamvu. Zoti purosesa ya m'katimo, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, inapangidwa liti, safunsa n'komwe.

Mtengo wa purosesa umatsata kwambiri mpikisano wa makampani kuposa mphamvu yake. Mu 2016 kampani ya Intel inalibe woiopseza pa mapurosesa akuluakulu, ndipo Core i7-6900K yake ya ma core 8 (timagawo ta purosesa timene timagwira ntchito patokhapatokha) inkagulitsidwa madola oposa 1,000. Anthu ankalipira, poganiza kuti chinthu chotere sichingatsike pamenepo. Mu March 2017 kampani ina, ya AMD, inatulutsa Ryzen 7 1800X, nayonso ya ma core 8, pa madola 499. Ambiri anaikayikira chifukwa cha kutchipa komweko, ati chotchipa chili ndi chilema. Chaka chisanathe Intel inatulutsa i7-8700K ya ma core 6, itakhala zaka zambiri ikugulitsa ma i7 wamba a ma core 4. Pofika 2019, purosesa yake ya ma core 18 imene inali pa madola pafupifupi 2,000 inalowedwa m'malo ndi inzake ya ma core 18 omwewo pa madola osakwana 1,000. Kodi mphamvu inatsika ndi theka? Ayi. Kunangobwera wopikisana naye.

Musaganize kuti AMD ndi yachifundo. Itaona kuti yatsogola, mu November 2020 inaika Ryzen 5 5600X pa madola 299, pamene 3600X ya chaka cham'mbuyo inayambira pa 249. Amene ali patsogolo amakweza, kaya ndi ndani.

Chimene chimanditopetsa kwenikweni ndi kupembedza dzina loti i7. Mlimi wina amene amasunga kaundula wa ziweto ndi zokolola pa kompyuta anabwera kudzandionetsa imene anangogula kumene, nkhope ili mwee. Wogulitsa anamuikira ziwiri patebulo: ina yogwiritsidwapo kale ntchito ya i7-7700, ina yatsopano ya i3-12100 yotsikirapo mtengo. "Alangizi, ine za i3 ayi, ndi za ana asukulu. Ndinawonjezera ndalama kuti nditenge yeniyeni," anatero. Ndinachita kusowa poyambira. I7-7700 ndi ya 2017, i3-12100 ndi ya 2022. Zonse ziwiri zili ndi ma core 4 ndi ma thread 8 (ntchito zimene purosesa imayendetsa nthawi imodzi), koma i3 ija imathamanga kuposa i7 yakeyo. Choipa kwambiri, i7-7700 ndi ya m'badwo wa 7, pamene mndandanda wa mapurosesa a Intel ovomerezeka pa Windows 11, imene inalowa m'malo mwa Windows 10, umayambira pa m'badwo wa 8. Bamboyo analipira ndalama zambiri kugula vuto lomwe lija ankalithawa, ndipo tsopano akufunanso ndalama zina.

Manambala 3, 5, 7 ndi 9 a m'mayina ngati i3 ndi i7 anaikidwa kuti asiyanitse mitengo m'kati mwa m'badwo umodzi basi. Nthawi zambiri mapurosesawa amapangidwa pamodzi, kenako amayesedwa. Imene ma core ake ena sanatuluke bwino amaitsekera mbali imeneyo n'kuigulitsa ndi dzina lotsika. Ndipo ya pamwamba penipeni ija, ntchito yake inanso ndi yoti mukaona mtengo wake, ya pakati izioneka ngati yotchipa. Kale anthu ankapusitsidwa ndi ma gigahertz (nambala ya liwiro la purosesa) a Pentium 4 ya Intel pamene Athlon 64 ya AMD ya manambala otsika inkaisiya m'mbuyo pa ntchito zambiri. Tinaphunzirapo chiyani? Tangosintha chopusitsidwa nacho.

Tsono musanalipire, funsani dzina lonse la purosesa, osati "ndi i7" chabe. Pa mayina a Intel ngati amenewa, manambala oyamba pambuyo pa kamzere ndiwo m'badwo: 7 pa i7-7700, 12 pa i3-12100. Lembani mayina a ziwiri mukuziyerekezazo pa intaneti, muone zotsatira za mayeso ndi chaka chimene zinatuluka, muonenso ngati zili pa mndandanda wa Windows 11; za AMD ziyambire pa Ryzen 2000. Ngati ntchito yanu ndi kulemba ndi kuwerengera, i3 kapena Ryzen 3 ya posachedwapa ikukwanirani, ndalama yotsalayo muonjezere RAM (pamene kompyuta imaika zimene ikugwira nthawi imeneyo) ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga).