Kutengera ana kunkhalango yamvula: zomwe ndinaphunzira ku Sabah

Tsiku lathu loyamba m'nkhalango ya ku Sabah, pachilumba cha Borneo, mwana wanga wamng'ono wa zaka 7 anaima pansi pa chimtengo chomwe nsonga yake sitinkaiona, thukuta lili kamukamu, n'kundifunsa kuti, "Amayi, nanga nyama zija zili kuti?" Zinalipo ndithu, tinkazimva zikulira pamwamba pathu, koma maso athu ankangoona masamba okhaokha. Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa ulendo wonse wagona pamenepa. Nkhalango yamvula imabisa nyama zake, ndipo mwana amene mwamulonjeza zambiri amagwa ulesi msanga. Muuzeni asananyamuke kuti mukupita kukafunafuna, ndipo masiku ena mudzabwerako mutangoona nyerere ndi agulugufe.

Posankha malo, yambani mwawerenga zaka za ana anu. Ife tinkalakalaka kukaona anyani akuluakulu a gorilla ku Uganda kapena ku Rwanda, koma kumeneko salola mwana wosakwana zaka 15, pomwe wathu wamkulu anali ndi 11. Tinasankha Sabah, chigawo cha dziko la Malaysia, chifukwa nyama zambiri zimaonekera uli m'boti, miyendo ya mwana ikupuma. Mvula imagwa chaka chonse, koma kugombe la kum'mawa imachuluka kwambiri kuyambira Novembala kufika cha mu Febuluwale. Ngati tchuthi cha sukulu chikulolani, pewani miyezi imeneyo.

Mukafika, musathamangire mkati mwenimweni. Gonani masiku awiri ku Sepilok, pafupi ndi tauni ya Sandakan. Kumeneko kuli malo omwe anatsegulidwa mu 1964 ophunzitsa anyani amasiye a orangutan kukhalanso m'nkhalango. Amaika zipatso pansanja kawiri patsiku, 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, ndipo anyaniwo amabwera okha akafuna, poti palibe mpanda wowatsekera. Nyengo yomwe mitengo yabala kwambiri ena sabwera n'komwe, ndipo ogwira ntchito kumeneko amakondwa nazo, chifukwa ndiye kuti akudzipezera okha chakudya. Ife m'mawa tinadikira ola lathunthu osaona kanthu. Masana panatulukira mayi ali ndi kamwana kakukangamira m'nthiti, akuyenda pachingwe mosafulumira konse. Mwana wanga wamkulu, yemwe sakhalitsa chete, anakhala duu. Nditamuuza kuti kamwanako kadzakhala ndi amake zaka 6 kapena kuposerapo, komanso kuti dzina loti orangutan m'chinenero cha Malay limatanthauza munthu wa m'nkhalango, anangogwedeza mutu osachotsa maso.

Zikwama, chakudya ndi mankhwala othamangitsa udzudzu salowa nazo, mumazisiya pachipata. Mwana akakhala ndi chimfine kapena chifuwa, msungeni patali, chifukwa anyaniwa amatenga matenda athu. Pafupi pomwepo pali malo osamalira zimbalangondo za sun bear, zomwe ndi zazing'ono kuposa zimbalangondo zonse padziko. Ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi, ndipo ana sadandaula nawo.

Mtima wa ulendo ndi mtsinje wa Kinabatangan, wotalika makilomita pafupifupi 560. Pagalimoto kuchokera ku Sandakan kupita kumidzi ya Sukau kapena Bilit mumadutsa minda ya kanjedza wa mafuta, mizere yosatha mbali zonse za msewu. Musawabisire ana zimenezi. Auzeni kuti pamenepo panali nkhalango, ndipo nyama zimaoneka zambiri m'mbali mwa mtsinje chifukwa zapanikizidwa m'kachigawo kopapatiza komwe katsala. Wanga wamkulu anakwiya nazo, ndipo ndinaona kuti ndi mkwiyo woyenera.

Kumtsinjeko gonani usiku utatu pamalo amodzi. Awiri ndi ochepa: mvula ikangogwa madzulo amodzi, theka la ulendo lapita. Boti limanyamuka kawiri, m'bandakucha ndi chakumadzulo cha m'ma 4 koloko. La m'mawa ndi la mbalame, makamaka zamilomo ikuluikulu za hornbill, ndi kulira kwa anyani a gibbon nkhungu isanabalalike. La madzulo ndi la anyani amphuno zazitali a proboscis, omwe sapezeka kwina kulikonse koma ku Borneo. Dzuwa likamapendeka amasonkhana m'mitengo ya m'mphepete mwa madzi kuti agone, amuna mimba zili tuu, mphuno zili lende, ana akudumphadumpha m'nthambi. Pali njovu zazing'ono za ku Borneo, koma musalonjeze. Ife sitinazione, tinangoona ndowe ndi mapazi ake pamatope, ndipo wotiperekeza anatsitsa ana pamalo ouma kuti ayeze phazilo ndi zikhato zawo.

Musanalipire, funsani ngati ali ndi majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana. Malo omwe tinagona analibe laling'ono, moti mwana wanga wamng'ono anavala la munthu wamkulu lomufika m'makutu, ine mtima uli m'mwamba ulendo wonse. Mumtsinjemo muli ng'ona zikuluzikulu. Palibe kusambira, palibe kuviika dzanja, ndipo lamuloli linenedwe boti lisanasunthe.

Pakati pa tsiku musakonze chilichonse. Kutentha ndi chinyontho zimafooketsa ngakhale wamkulu. Ana adye, amwe madzi ambiri, agone.

Chinthu chimodzi chomwe chinasintha ulendo wathu ndi magalasi oonera patali. Gulani a mwana aliyense, ngakhale otchipa, chifukwa kubwerekana kumabala ndewu panthawi yomwe nyani akudutsa. Onjezani tochi ndi kope. Wamng'ono uja ankajambula chilichonse chomwe waona, ndipo tsiku lachitatu ndiye ankayamba kuona achule ndi tizilombo tooneka ngati timitengo ife tisanatione. Ana ali pafupi ndi nthaka kuposa ife, ndipo usiku poyenda ndi tochi m'pamene izi zimaonekera.

Zovala zikhale zopepuka, za manja aatali, zouma msanga. Thonje lokhuthala likanyowa siliuma, limangonunkha. Tengani matumba apulasitiki osungiramo foni ndi mapasipoti. Kutatsala mwezi ndi theka, kaonaneni ndi dokotala za katemera ndi mankhwala oteteza malungo, ndipo kumbukirani kuti udzudzu wofalitsa dengue umaluma masana, choncho neti yokha siikwanira.

Tsono misundu. M'njira zonyowa ilipo yambiri, imakwera nsapato n'kulowa m'sokosi. Kumeneko amagulitsa masokosi ansalu ofika m'mawondo oitchinga. Ukakuluma usautenthe, ingolowetsa chikhadabo pansi pa kamwa lake n'kuukankhira kumbali. Magazi amatuluka kwa nthawi ndithu chifukwa malovu ake amaletsa magazi kuundana, koma sipapweteka. Mwana amayang'ana nkhope ya kholo lake kaye asanalire, ndiye inuyo musakuwe.

Za anthu ndi chikhalidwe chawo ndili nazo mawu. Pali maulendo ena omwe amakuimitsani ola limodzi, anthu avale zachikhalidwe, avine, mujambule, muzipita. Ana satolapo kanthu. Ife tinagona usiku umodzi m'nyumba ya banja la anthu a mtundu wa Orang Sungai, kutanthauza anthu a kumtsinje, m'mudzi womwe anthu ake amalandira okha alendo ndipo ndalama zimatsala momwemo. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu, choncho tinavala zobisa mapewa ndi mawondo, tinavula nsapato pakhomo, tinalandira chakudya ndi dzanja lamanja. Ndinaphunzitsa ana mawu awiri okha, terima kasih, kuthokoza kumeneko. Pasanathe ola anali atasowa pakati pa ana apanyumbapo, akusewera popanda chinenero chimodzi, ndipo agogo apakhomopo anaonetsa wamkulu uja mmene amatcherera mono wogwirira nkhanu zam'madzi. Pemphani musanajambule munthu, ndipo akakana bwezani foni m'thumba.

Ngati muli ndi masiku ena, kumpoto cha ku Kudat kuli anthu a mtundu wa Rungus omwe ali ndi nyumba zazitali zokhalamo mabanja ambiri pansi pa denga limodzi, odziwikanso ndi luso la mikanda. Pa 30 ndi 31 Meyi, Sabah yonse imachita chikondwerero cha zokolola cha Kaamatan, chochokera kwa anthu a Kadazan-Dusun, ndipo malo ogona amadzaza msanga.

Tsiku lomaliza lisiyeni lopanda kanthu, mugone pafupi ndi bwalo la ndege. Mtsinje ukasefukira msewu umachedwetsa, ndipo nsapato zinayi zamatope zimafuna tsiku lathunthu kuti ziume musanazilonge.