Mmene Mungayendetsere Seva Yakale Imene Eni Ake Anaisiya

Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows Server 2003 pa 14 Julaye 2015, ndi za 2008 R2 pa 14 Januwale 2020. CentOS 7, mtundu wa Linux, nayo inasiya kulandira zigamba pa 30 Juni 2024. Komabe pali mapulogalamu akale amene amakana kuyenda kwina kulikonse, ndiponso ophunzira ofuna kuona Active Directory (njira ya Microsoft yoyang'anira maakaunti ndi makompyuta a pa netiweki) ya nthawiyo ndi maso awo. Kutero n'kotheka, bola sevayo isakhudze intaneti.

Iikeni mu VirtualBox kapena Hyper-V, mapulogalamu oyendetsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa ina, osati pa kompyuta yeniyeni. Musanayatse, pitani pa netiweki. Mu VirtualBox sankhani Internal Network kapena Host-only. Bridged musaiyandikire, chifukwa imaika sevayo pa netiweki imodzi ndi makompyuta ena onse. Kuopsa kwake n'koti vairasi ya WannaCry ya mu Meyi 2017 inkalowera pa SMBv1 (njira yakale yogawana mafayilo), poti 445, ndipo Server 2003 siidziwa SMB ina iliyonse. BlueKeep ya 2019, vuto lina la chitetezo, imalowera pa Remote Desktop (njira yogwiritsa ntchito kompyuta muli kutali), poti 3389, osafuna n'komwe pasiwedi. Zonse ziwirizi zinatulutsiridwa zigamba zapadera ngakhale za 2003. Zitsitseni pa kompyuta ina, muzilowetse kudzera pa fayilo ya ISO, imene sevayo imaiona ngati CD.

Server 2003 imakwana ndi RAM ya 1 GB ndi disiki ya 20 GB. Disikiyo ilumikizeni ngati IDE. Mukaika SATA, pulogalamu yoikira imati palibe disiki, poti ilibe draiva ya AHCI yowerengera madisiki a SATA. Vuto lomweli ndi limene limabweretsa sikirini ya buluu ya 0x0000007B mukasamutsa seva yeniyeni ndi Disk2vhd, pulogalamu yokopera disiki kuti ikhale fayilo. 2008 R2 ndi ya 64-bit yokha, choncho yatsani VT-x kapena AMD-V, zothandiza purosesa kuyendetsa makompyuta ongoyerekeza, mu BIOS ya kompyuta yeniyeniyo.

Pa CentOS, yum, pulogalamu yoikira mapaketi, imalephera chifukwa magwero ake anasamutsidwira ku vault.centos.org. Koperani mapaketi ofunika kuchokera kumeneko, mukonze gwero lanu mkati mwa netiweki yotsekayo.

Mukamaliza kuika, tengani snapshot, yosunga mmene sevayo ilili kuti mudzathe kubwererako. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mukabwezera snapshot yakale, wotchi ikhoza kutsalira, ndipo Kerberos, njira yotsimikizira olowa, imakana kulowetsa munthu ngati kusiyana kwapitirira mphindi 5. Makompyuta a mu domain (gulu loyang'aniridwa ndi Active Directory) amasinthanso pasiwedi yawo masiku 30 aliwonse, ndiye mukabwerera kutali, domain imawakana ngati alendo. Ngati muli ndi ma domain controller (maseva oyang'anira domain) awiri, abwezereni limodzi. Kubwezera mmodzi yekha kumasokoneza manambala a USN owerengera zosintha, n'kusiyitsa awiriwo kugawana zosintha.

Ngati sevayo ikugwirabe ntchito yeniyeni, ikani firewall (chotchinga cha netiweki) patsogolo pake yolola poti imodzi yokha ya pulogalamuyo, kuchokera ku ma IP odziwika. Pasiwedi yake isafanane ndi ya kwina kulikonse, ndipo zosunga zake muzikopera pa disiki imene mumazula mukamaliza.