Kakweredwe ka sitima pa Park Station ku Johannesburg

Munthu amene akufuna kukwera sitima pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mzinda wa Johannesburg, ayenera kudziwiratu kuti pamalopa pamanyamukira sitima za mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi matikiti ake ndi polowera pake. Mabasi a maulendo ataliatali, kuphatikizapo ena ochokera ku Malawi, amaimanso pomwepa, moti mlendo amangotsikira m'chikhamu cha anthu asanadziwe kolowera.

Malowa amasokoneza chifukwa anakula pang'onopang'ono. Mu 1890 panali poima chabe pa njanji yonyamula malasha kuchokera ku Boksburg, ndipo sitima yoyamba yochokera ku Cape inafika mumzindawu mu 1892. Siteshoni yazitsulo ndi magalasi imene inaimikidwa mu 1897 inachokera ku Netherlands, koma inachotsedwapo ndipo lero ili ku Newtown, pafupi ndi mlatho wa Nelson Mandela. Nyumba ina inatsegulidwa mu 1932, ndipo m'nthawi ya tsankho azungu ndi anthu akuda ankalowera kosiyana.

Ngati mukupita ku Rosebank, Sandton, Midrand, Centurion kapena Pretoria, funsani kumene kuli sitima yothamanga ya Gautrain, yomwe inafika pano mu 2012 ndipo siteshoni yake ili pansi pa nthaka. Gulani khadi la Gautrain n'kuikamo ndalama, kenako muligunditse pachipata polowa komanso potuluka, pakuti mtengo umawerengedwa potengera kumene mwatsikira. Wopita ku bwalo la ndege la O. R. Tambo atsike ku Sandton n'kukwera sitima ina, ndipo aike ndalama zochulukirapo m'khadimo chifukwa ulendo umenewo ndi wokwera mtengo kwambiri. Kudya ndi kumwa m'sitimazi n'koletsedwa, ndipo alonda ake sanyengerera. Kwa munthu wachilendo amene wanyamula katundu, sitima imeneyi ndiyo yodalirika, ngakhale imafuna ndalama zambiri.

Sitima za Metrorail, zomwe zimayendetsedwa ndi bungwe la PRASA, ndi zotchipa ndipo ndi zimene anthu ogwira ntchito amakwera popita m'madera monga Soweto ndi Germiston. Tikiti mugule pawindo, muisunge mpaka mutatuluka, ndipo ngati n'kotheka pewani m'mawa ndi madzulo pamene anthu amadzazana. Njanji zambiri zinaima cha m'ma 2020 akuba atazula mawaya a magetsi, ndipo zakhala zikutsegulidwanso imodziimodzi, choncho funsani wantchito wovala yunifolomu ngati njira yanu ikuyenda, osati munthu wongodzipereka kukunyamulirani chikwama.

Sitima za maulendo ataliatali za Shosholoza Meyl, zomwe zinkapita ku Cape Town, Durban ndi East London, zakhala zikuimitsidwa kawirikawiri kuyambira mu 2020. Musakonze ulendo podalira sitima zimenezi musanatsimikizire ku ofesi ya matikiti kuti zilipo. Mukapeza kuti palibe, maofesi a mabasi opita kumizinda yomweyo ali m'nyumba yomweyo.