Momwe mungakonzere ufa wa soya pakhomo mukafuna kuchepetsa nyama

Chaka chatha adokotala atandiyeza BP anandifunsa zomwe ndimadya tsiku ndi tsiku. Ndinanena zoona: m'mawa buledi wa poloni, masana kanyenya ndi chipisi cha pachiwaya ku Limbe. Anangopukusa mutu. Soseji ndi poloni zimakhala ndi mchere wambiri, ndipo mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inaika nyama zotere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo.

Koma nanga ndikasiya nyama, mapuloteni ndiwapeza kuti? Munthu wamkulu amafunika magalamu pafupifupi 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye ine wa makilogalamu 70 ndimafunika 56. Soya wouma ali ndi magalamu opitirira 35 pa magalamu 100 alionse, kuposa nyemba, kuposanso mtedza. Ndi momwe ndinayambira kudzikonzera ufa wake.

Choyamba, gulani soya. Ku msika wa Limbe ndi wa Ndirande amapezeka, ndipo amatsika mtengo cha m'ma Meyi alimi akangokolola. Pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, musangoona wa pamwamba. Ogulitsa ena amathiramo timiyala kuti alemere, ena zitini zawo zoyezera ndi zophwanya kunsi. Mukaona soya wamtundu wofiirira kapena wobiriwira ngati wapakidwa penti, thawani. Imeneyo ndi mbewu yothira mankhwala, si chakudya. Mukafika kunyumba mupeteni, musankhe.

Tsopano apa ndi pomwe ndinagwa nayo. Ndinkaganiza kuti soya ndi nyemba basi, ndiye ndinamuviika m'madzi ozizira usiku wonse, m'mawa n'kumuyanika, n'kumukazinga pang'ono, ulendo wa kuchigayo. Phala lake linkanunkha ngati udzu wonyowa. Ana anangolawa n'kusiya masipuni. Ine, poona kuti ndalama yapita, ndinamaliza mbale yonse, ndipo tsiku limenelo m'mimba munali kulira ngati minibasi yokwera chitunda cha ku Bangwe. Chomwe chimachitika n'chakuti soya wosapsa ali ndi zinthu zina zomwe zimatsekereza thupi kugaya mapuloteni, ndipo zimatha ndi moto wokwanira wokha. Fungo lija limayamba soya wosaphika akanyowa ndi madzi ozizira.

Ndiye musamuviike. Tenthetsani madzi mpaka abwate kwenikweni. Thirani soya wouma pang'onopang'ono, dzanja limodzilimodzi, kuti madzi asaleke kubwata. Akalowa yense, werengani mphindi 30 ndi wotchi, osati ndi maso. Pa mbaula onjezerani makala musanayambe, chifukwa moto ukazilala pakati mwabwerera komwe ndinali ine. Nthawi ikakwana tsanulani madziwo, kenaka thirani ozizira (pano palibenso vuto) ndipo fikisani ndi manja kuti makoko achoke. Amayandama okha.

Yanikani pamphasa masiku awiri kapena atatu, mpaka njere izilira "go" mukailuma. Kuno ku Blantyre musayerekeze kuchita zimenezi masiku a chiperoni, adzachita nkhungu musanadziwe. Akauma mukazingeni pang'ono m'chiwaya kuti anunkhire.

Kuchigayo pitani ndi chimanga, musakanize makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya, monga amachitira ndi Likuni Phala. Imani pompo, ena amasiyako ufa m'makina. Ine ndimagayitsanso soya payekha wothira m'ndiwo: masipuni awiri mu nkhwani kapena mpiru, ngati nsinjiro. Sungani m'chigubu chotseka bwino ndipo musagayitse woposa wa mwezi umodzi.

Zakudya zina za mapuloteni mukuzidziwa: nyemba, nandolo wa ku Chiradzulu, khobwe, nzama, mosinthasintha. Masoya pisi a m'mapaketi ndi njira yachidule, kungoti kapaketi ka zokometsera kam'katimo ndi mchere wokhawokha, thiraniko theka. Usipa ndi mazira musasiye, chifukwa vitamini B12 sapezeka m'zomera. Amene muli ndi vuto la impso funsani kaye kuchipatala musanachulutse mapuloteni. Ine nyama ndimadyabe Lamlungu.