Momwe Mungafooketsere Misampha ya pa Facebook, TikTok ndi Instagram

Maapu amenewa amapeza ndalama mukamaona zotsatsa malonda, choncho anapangidwa kuti musachokepo msanga. B.J. Fogg wa pa yunivesite ya Stanford anafotokoza kuti munthu amachita chinthu pakakumana zinthu zitatu: chikhumbo, kuphweka kwa chinthucho, ndi chomukumbutsa. Chikhumbo n'chovuta kulimbana nacho. Ziwiri zinazo mungathe kuzisintha mufoni mwanu lero lomwe.

Yambani ndi zokumbutsa. Lowani mu Settings, kenako Notifications, mutsegule apu iliyonse payokha. Siyani mauthenga ochokera kwa anthu enieni okha. Zimitsani za ma like, za anthu amene "mwina mukuwadziwa", komanso kadontho kofiira ka pa chizindikiro cha apu. Musazimitse zonse: ena akatero amada nkhawa kuti uthenga wofunika wawapita, n'kumatsegula apuyo pafupipafupi kuposa kale.

Msampha waukulu ndi tsamba lopanda mapeto, lomwe katswiri wa zamakompyuta Aza Raskin anayambitsa mu 2006. Kale munthu ankafika pansi pa tsamba, n'kuganiza kaye ngati apitirize. Pano malo oganizirawo anachotsedwa. Chowonjezera n'chakuti simudziwa chimene chikubwera: mavidiyo angapo osasangalatsa, kenako imodzi yoseketsa zedi. Katswiri wa zamaganizo B.F. Skinner anaonetsa poyesa makoswe ndi nkhunda kuti mphoto yobwera mosayembekezereka imachititsa chizolowezi kukhala chovuta kusiya kuposa yobwera nthawi zonse. Ndiye mapetowo muikeni nokha. Pa YouTube zimitsani Autoplay kuti vidiyo ina isamayambe yokha. Pa Android gwiritsani ntchito Digital Wellbeing, pa iPhone Screen Time, muikire apu iliyonse malire, mwachitsanzo mphindi 30 patsiku.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Nthawi ikatha, iPhone imaonetsa batani la Ignore Limit (lonyalanyaza malirewo), ndipo chala chimalidina mutu usanaganize. Ikani nambala yachinsinsi ya Screen Time kuti malirewo asamadumphike mosavuta, koma aisankhe ndi kuisunga munthu wina amene mumamukhulupirira.

Kenako chititsani kulowa kukhala kovutirapo. Chotsani maapuwa pa tsamba loyamba la foni kuti muzichita kulemba dzina powafuna. Imene ikukudyerani nthawi kwambiri ifufuteni, muzilowa kudzera pa browser (apu yotsegulira masamba a pa intaneti), n'kutuluka mu akaunti mukamaliza. Masekondi ochepa olemba pasiwedi amakupatsani mpata wodzifunsa chimene mukukafuna.

Pa Instagram, kuyambira mu 2021, mungathenso kubisa chiwerengero cha ma like, pa zithunzi zanu ndi za ena zomwe.