Mukamapita kukaona mbalame ku Snettisham, yambani mwadziwa nthawi ya madzi

Abale amene muli kuno ku Britain, mu Novembala musangodzitsekera m'nyumba chifukwa cha chisanu. Ino ndiyo nthawi imene mbalame zochokera kumpoto zimadzaza m'magombe, makamaka ku Snettisham, pa gombe la nyanja yamchere lotchedwa The Wash, m'chigawo cha Norfolk.

Chachikulu ndi madzi. Ife tinakulira pa Nyanja ya Malawi, imene siphwa ndi kudzaza tsiku ndi tsiku, ndiye timaiwala kuti nyanja yamchere imatero kawiri pa tsiku. Ulendo wanga woyamba ndinafika madzi ataphwa, ndipo mbalame zinali kutali m'matope, zikungooneka ngati timadontho. Sankhani tsiku limene madzi adzadzaze kwambiri, pafupi ndi mwezi wathunthu kapena wokhala kumene, ndipo mufike ola limodzi kapena awiri asanadzaze. Bungwe loteteza mbalame la RSPB limalengeza masiku amenewa. Madzi akamakwera amathamangitsa timbalame totchedwa knot, tonse n'kudzuka pamodzi zikwizikwi, kupindika m'mwamba ngati utsi, kenaka mbee! mimba zoyera zikatembenukira kudzuwa. Mapiko ake amamveka waa, ngati mvula ikubwera patali.

Mukalawirira mbandakucha muonanso atsekwe amiyendo yofiirira ochokera ku Iceland ndi ku Greenland akupita kukadya m'minda.

Kuchokera poimika galimoto pali kamtunda ndithu, choncho valani nsapato zosalowa madzi, magolovesi ndi chipewa, mutengenso tiyi m'fulasiki. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko. Chonde musaziyandikire mbalamezi pamene zikupuma, chifukwa kuuluka kulikonse kumazidyera mafuta ofunika kuti zipirire dzinja lozizira lakuno.